Malangizo a Malume kwa Mkaidi wa ku America

Ine ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Ku Kanengo anandichotsa ntchito kawiri chifukwa cha pakamwa panga, ndipo ku Australia, pamgodi pomwe ndinkakonza zimalole zonyamula miyala, foromani anali ndi dzina londitchula lomwe sindingalembe pano. Zonsezo sizinandisowetsepo tulo. Mkwiyo umene unandidya zaka zambiri ndi umodzi wokha: tsiku limene ndinkanyamuka kwathu ku Mchinji ndinakalipira malume anga a Lazaro, munthu amene anandilera bambo anga atamwalira.

Malume anali telala wa pakhonde la sitolo. Ndili Sitandade 5, nthawi ya chipani chimodzi ija, galimoto inaima pakhondepo masanasana, anthu atatu anatsika n'kuwatenga. Ine ndinali pomwepo, ndikutola tizidutswa ta nsalu tomangira mpira. Mlandu wake unali nthabwala. Masiku angapo m'mbuyomo ananena mawu ena kwa kasitomala, wina anaseka, wina anakanena. Anakhala zaka zinayi. Anabwerako ndi ndevu zofika pachifuwa, mano awiri akutsogolo palibe, n'kukhalanso pamakina paja ngati anangopita kuseri kukataya madzi. Anandilipirira sekondale ndi makina omwewo. Koma pakamwa anatseka. Munthu amene kale ankaseketsa msika wonse tsopano ankangoti, "Mubwere Lachisanu, diresi ikhala itatha." Zipani zitachuluka, aliyense atayamba kutukwana atsogoleri pawailesi, iwo ankangodzuka n'kuzimitsa wailesiyo. Ndipo nthabwala ija panalibe woidziwa pabanja pathu. Amene anaimva, ena anamwalira, ena ankati anaiwala.

Tsiku lotsanzika ndinawapeza akusoka. Ndinati, "Malume, ndikupita kutali. Tandiuzani, munanena chiyani tsiku lija?"

Iwo anati, "Ndege imanyamuka nthawi yanji?"

Magazi anakwera. Ndinati, "Mudzafa nayo nthabwala yanuyo ngati sing'anga wofa ndi mankhwala ake! Amene anakumanganiwo anaola kale kumanda, inu mukuopa chiyani? Mizimu?"

Anangopitiriza kupalasa makina. Mlongo wanga Esinati, amene amawasamalira, anandikoka dzanja mpaka kumsewu. Kuyambira pamenepo ndalama ndinkatumiza, moni ndinkapereka kudzera mwa Esinati, koma mawu a malume sindinawamvenso m'khutu mwanga kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Ntchito yanga inali yopita ndi kubwerera pandege. Masabata awiri kumgodi kumpoto, fumbi lofiira mpaka m'mano, kutentha koti sipanala ukaisiya padzuwa sungaigwire, kugona m'kachipinda ka malata komwe amati donga. Kenako sabata imodzi ku Perth, ku Balga, m'nyumba yomwe ndinkachita lendi ndi Bwalya, Mbemba wa ku Kitwe, wa zamagetsi. Tsiku loyamba lomwe, atangomva kuti ndine Mngoni wa ku Mchinji, anawomba m'manja. "Ndiwe mbuya wanga iwe! Wabwela na mbeba zingati muchola?" Ku Zambia Abemba ndi Angoni ali pa chimbuya, chisuweni chotukwanana popanda mlandu. Akhoza kukunyoza, kukunamiza, kukudyera ndiwo, iwe osakwiya. Kwa munthu ngati ine, kukhala ndi Bwalya kunali ngati kuika mphika wa mafuta pafupi ndi moto.

Bwalya ndiye anandidziwitsa munthu uja. Masana alionse akaweruka ankatsegula laputopu patebulo la kukhitchini n'kumaonera pulogalamu ya ku America. Munthu wa suti ndi tayi, atakhala kuseri kwa desiki, kutsogolo kwake gulu la anthu, iye n'kumanyoza pulezidenti wa dziko lake. Osati mozungulira ayi. Ankamuyerekeza mawu, kayendedwe, momwe amapindira milomo. Ankaonetsa zimene pulezidentiyo ananena Lolemba, n'kuonetsa zotsutsana nazo zimene ananena Lachitatu, kenako n'kungoyang'ana kamera, gulu lonse n'kugwa ndi phwete. Ife tinam'patsa dzina loti Chikamwa.

Chimene chinkandizizimutsa kwambiri ndi mafunso. Ankaitana andale enieni, maseneta, nduna zakale, n'kuwakhazika pampando. Funso lalifupi. Wandale akayamba kuzungulira ngati galu wofuna pogona, Chikamwa sankakalipa. Ankamwetulira, n'kufunsanso funso lomwelo. Kachitatu ankangokhala chete, munthu uja n'kudzikola yekha.

Ine sindinkaseka. Ndinkaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno.

"Ameneyu sabata yamawa kulibe," ndinkatero.

"Mbuya, ni America iyi."

"America ilibe magalimoto?"

Sabata yamawa n'kumupeza ali pomwepo, tayi ina. Ndinkakwiya ngati wandinamiza.

Kenako mliri wa korona unafika. Kampani inaopa kuti tikamakwera ndege pafupipafupi tibweretsa matenda pamgodi, ndiye ulendo umenewo inatisunga kumpoto mwezi wathunthu. Netiweki kumeneko inali yongokwana kupereka moni. Nditabwerera ku Balga, m'misewu muli zii, ndinapeza Bwalya atakhala patebulo nkhope ili yamaliro.

"Mbuya, bwela uone muntu wako."

Ndinayang'ana. Desiki kulibe. Gulu la anthu kulibe. Chikamwa anali m'kachipinda kopanikiza kam'denga, suti palibe, tayi palibe, malaya okwinyika, ndevu zitamera mbali zonse. Ankanena nthabwala, osamveka woseka ndi mmodzi yemwe. Pakhoma kumbuyo kwake panali mizere ya choko, inayi yoimirira, wachisanu wopingasa.

"Bamugwila," anatero Bwalya motsitsa mawu. "Bamuvalila munyumba. Saloledwa kuchoka. Wenze kukamba zoona, mbuya."

Wina anena kuti, iwe munthu wopita kusekondale, sunaganize kuti ndi mliri? Za mliri ndinkazidziwa. Koma owerenga nkhani pa TV ndinkawaonabe mu situdiyo ndi masuti awo, bwanji uyu yekha? Ndipo ndikuuzeni: munthu amene anaona galimoto ija ali mwana, akaona ndevu ndi mizere pakhoma saganiza za kachilombo. Ndinakhala pansi.

Tsiku lomwelo ndinachita chinthu chomwe sindinachite zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinajambula kachidutswa ka pulogalamuyo pafoni, ndikumasulira m'Chichewa pamwamba pake, n'kutumiza kwa Esinati. Kumapeto ndinawonjezera kuti, "Uwaonetse malume. Uwauze kuti ankanena zoona, ngakhale ku America amamanga." Kwa ine kumeneko kunali kupepesa. Mawu oti pepani pakamwa panga amatuluka movuta ngati bawuti yadzimbiri.

Esinati anayankha msanga. "Achimwene, zinthu zimenezi musamatumize pafoni yanga. Mukufuna munthu adwale?" Koma anawaonetsa. Patapita masiku awiri kunabwera voisi. Nditaitsegula ndinamva kupuma, kenako mawu okalamba, otuluka pampata wa mano aja.

"Mphwanga. Ndamuona mnyamatayo. Umuuze afufute mizere ija pakhoma. Asilikali akaona kuti ukuwerenga masiku amadziwa kuti ukadali ndi chiyembekezo, ndiye amalimbana nacho chimenecho. Ine ndinkamanga mfundo pa ulusi wa mumpendero wa malaya. Mfundo imodzi, sabata imodzi. Umuuze."

Ndinaimvera kasanu ndi kawiri. Bwalya anali pomwepo, akumvera nane.

Mavoisi anayamba kubwera sabata iliyonse. Ndinkatumiza kachidutswa ka Chikamwa, malume n'kutumiza malangizo. Nyemba asasankhe anankafumbwe, ndiyo nyama yake imeneyo. M'mawa uliwonse ayende uku ndi uku m'chipindamo mpaka thukuta, miyendo ikafa mutu umatsatira. Mchere akaupeza abise. Woyamba kuseka nthabwala yake asamukhulupirire, chifukwa woseka kwambiri ndi amene amafuna kuikumbukira bwino kuti akainene. Ndinkamvera zimenezi kumgodi nthawi ya chakudya chamasana, nditabisala kuseri kwa tayala lalitali kuposa ine, kuti Azungu aja asaone nkhope yanga.

Ndinkafuna kufunsa zambiri, koma ndinkadziwa kuti ndikafunsa mwa chikhalidwe changa chitseko chitsekedwanso. Ndiye ndinabera Chikamwa. Funso lalifupi, basi. "Malume, nanga akamufunsa mafunso atani?" Osawonjezera. Osakalipa. Yankho linabwera lalitali kuposa onse.

"Adzamuuza kuti abwereze zimene ananena. Abwereze moipa, ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Ine sindinadziwe. Ndinaibwereza bwinobwino, ndi mawu ake, ndi manja ake, chifukwa telala sapereka chovala chosatha. Wapolisi wina amene ankalemba anaphulika kuseka. M'mawa mwake ndinangoona akumukankhira m'chitolokosi momwe ndinali, atamuvula yunifolomu. Tinagona mutu ndi miyendo miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lililonse ankandipempha, 'A telala, tabwerezani, ndamangidwa kale.' Ndinkakana. Ndinali nditamangitsa kale munthu mmodzi."

Apa m'pamene ndinadziwa chifukwa chimene malume anatsekera pakamwa. Ine ndinkati mantha. Sanali mantha okha.

Ndinalemba malangizo onse pamapepala anayi. Ndinati zimenezi ziyenera kumufika mwini wake, ndipo pakhale kalata yoti amasulidwe. Ku Crawley, kuyunivesite, kunali mayi wina wa kwathu, a Tiyamike, amene ankachita maphunziro apamwamba a zamalamulo. Ndinawaimbira. Masiku amenewo ankalola kukumana anthu awiri okha, panja. Ndinakwera basi ya mu Stirling Highway ndili ndekha ndi dalaivala, tinakumana pabenchi m'mbali mwa mtsinje, iwo uko ine kuno.

"Ankolo, kalatayi mukufuna ipite kwa ndani?"

"Kwa a zaufulu wa anthu. Inu ndinu a malamulo, mukudziwa makomo ake."

"Wamangidwa ndani?"

Ndinawaonetsa pafoni. Anayang'ana foni, anayang'ana ine, anagwira pakamwa. Anayesetsa, ndiwayamikire, koma zinakanika. Anaseka mpaka mbalame zinathawa pa udzu.

"Ankolo! Wakunamizani ndani? Onse akujambulira kunyumba, ndi mliri! Taonani." Anandionetsa anzake a Chikamwa, uyu ali m'galaja, uyu mwana akumukwera pamsana, onse ndevu. "Mizere ija ndi nthabwala. Munthuyu ali m'nyumba yake, ndipo nyumba yakeyo inu ndi ine sitingaikwanitse ngakhale geti."

Ndinaimirira. Sindikumbuka zimene ndinanena, koma mayi wina woyendetsa galu anatembenuka n'kubwerera komwe ankachokera. A Tiyamike anati, "Dikirani kaye, mapepalawo ndione." Anawerenga tsamba loyamba akumwetulirabe. Lachiwiri kumwetulira kunatha. Atafika pa wapolisi uja anavula magalasi.

"Agogo anga aamuna nawonso anatengedwa," anatero. "Iwo sanabwereko. Palibe anatiuzapo kuti kunali kotani." Anapinda mapepalawo bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri. "Mkaidi wa ku America kulibe, ankolo. Koma izi musataye."

Ndinabwerera ku Balga. Bwalya ankakazinga kapenta. Ndinamugwira pakolala n'kumukanikiza pafiriji.

"Wandipusitsa ine, chabwino. Koma wapusitsa nkhalamba!"

"Mbuya samenyewa," anatero, supuni ili m'manja. "Ukanimenya ni mulandu wa mbuzi."

"Ndigula mbuzi ziwiri!"

"Menya. Koma niyankhe. Zaka zingati wenze kufunsa ba malume na ukali wako? Banakamba? Ine nanama kamozi chabe, manje bakamba sabata iliyonse. Nenze kufuna kukuuza pa siku yachitatu, koma pamene ninamvela voisi ija, ninakangiwa. Siya so, mbuya. Usabauze."

Chibakera chinapita pachitseko cha kabati. Chitsekocho tinakonza tokha, landilodi sanadziwe.

Masiku atatu ndinayenda nalo bodzalo. Bwalya sankanama: ndikawauza zoona, malume aona kuti tawaseweretsa, atsekanso pakamwa, ndipo ulendo uno mpaka kumanda. Ndikapanda kuwauza, mavoisi azibwerabe. Tsiku lachitatu kunabwera ina, yaifupi. "Mphwanga, malangizo aja akumufika mnyamata uja? Ndikumamutchula m'pemphero."

Basi. Munthu anataya zaka zinayi chifukwa cha anthu omunamizira kuti ndi mdani wa dziko, ine ndizimupempheretsa pa bodza? Ndinaimba. Ku Perth inali 3 koloko masana, kwathu 9 koloko m'mawa. Esinati anawapatsa foni.

"Malume, munthu uja sanamangidwe."

"Wathawa?"

"Ayi. Sanamangidwepo. Ndi matendawa, aliyense akugwirira ntchito kunyumba. Mnzanga anandinamiza, ine ndinakhulupirira, n'kukunamizani inu. Ndadziwa masiku atatu apitawa." Bawuti ija inazungulira. "Pepani, malume. Ndi za tsiku lija lomwe, pepani."

Pafoni ndinkamva nkhuku, ndi wina akupopa mjigo patali.

"Ndiye mwandivula pamsika," anatero. Foni inabwerera kwa Esinati, amene ananditsuka mphindi khumi osapuma. Ndinangoti eya, eya. Amene amandidziwa sangakhulupirire.

Mavoisi anasiya. Sabata, masabata awiri, mwezi. Kale ndikanaimba n'kukalipa kuti nanga ndapepesa, mukufunanso chiyani? Koma ndinali nditaona momwe Chikamwa amachitira ndi munthu wokana kuyankha. Sabata iliyonse ndinkatumizabe kachidutswa, ndikumasulira, osapempha yankho. Esinati ankati, "Amaonera, koma sanena kanthu." Ndinkati asiye.

Tsiku lina ndili ku Balga foni inalira kamodzi n'kuduka. Kufulasha kwa Esinati. Nditaimba anayankha ndi malume.

"Iwe. Munthuyu boma limadziwa komwe amakhala?"

"Limadziwa."

"Pulezidenti amamva zimene amanenazi?"

"Amamva. Amakwiya."

"Galimoto siibwera?"

"Siibwera."

"Chiyambire?"

"Chiyambire."

Anakhala chete. Ine ndinaluma lilime, osadzaza mpatawo.

"N'chifukwa chake nthabwala zake n'zazitali," anatero. "Munthu wosaopa galimoto amatambasula ngati mlaliki wa pamaliro. Ija ya sabata yatha, ya mankhwala ija, akanaidula pakati. Ife tinkasoka zothina. Mzere umodzi, wakhala pansi, ukupalasa makina ngati si iwe."

Ndinatuluka panja n'kukuwa. Mzungu woyandikana nafe anasuzumira pampanda kufunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndili bwino kuposa iyeyo.

Kuyambira pamenepo malangizo anasanduka ndemanga. Inali nyengo ya chisankho ku America, ndipo malume anailowa ngati ndi ya kwa mfumu yathu. Nditawatumizira mtsutso wa opikisana awiri a upulezidenti akulankhula nthawi imodzi, anati, "Dziko lonse lija achinyamata anatha? Nkhalamba ziwiri zikulimbirana mpando, pomwe zikufunika mpando wa pakhonde ngati wangawu." Kuwerenga mavoti kutatenga masiku, anati, "Kodi akuwerenga ndi nyemba?" Mbali ina itakana zotsatira, anati, "Uwauze tiwabwereke majaji athu, angomaliza kumene ntchito ngati yomweyo kuno. Koma abweze, tidzawafunanso." Za mafunso a Chikamwa kwa seneta wina anati, "Apa wasoka bwino. Wamuyeza kaye munthuyo, kenako wadula."

Ku Perth matenda sanafale kwambiri, ndiye posakhalitsa tinayambanso kusonkhana. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi tinkapita ku Girrawheen kwa banja lina la kwathu, ndipo ndinapempha malume ngati ndingamveretse anthu mavoisi awo. Anafunsa kuti, "Alipo wolemba?" Ndinati palibe. Anati, "Chabwino." Ndiye tinkayamba ndi Chikamwa wa ku America palaputopu ya Bwalya, n'kumalizira ndi Chikamwa wa ku Mchinji pafoni yanga. Mainjiniya, manesi, a Tiyamike ndi anzawo a kuyunivesite, onse ankadikira wachiwiriyo. Ana obadwira konko ankafunsa m'Chingerezi chawo cha m'mphuno kuti agogowo anena chiyani, makolo n'kulephera kumasulira chifukwa cha kuseka. Ndinkajambula kusekako n'kutumiza kwathu. Esinati anati malume ankakumvera kawirikawiri, foni ataigunditsa kukhutu, ngati munthu womva nyimbo ya paunyamata wake.

Tsiku lina ndinaona kuti nthawi yakwana. Ndinafunsa mwaulemu, kamodzi.

"Malume, nanga ija?"

Sananamizire kusamva. Anati, "Ija si ya pafoni. Ubwere."

Kubwera kwake kunali kuti? Malire anali otseka. Ukatuluka, kubwerera kunalibe, ntchito n'kuthera pomwepo, ndipo ana anga awiri amene ndinawasiya ku Lilongwe ankadya ntchito yomweyo. Chaka chinatha, china chinayamba. Esinati anandiuza kuti miyendo ya malume yayamba kutupa, makina anasiya. Ndinakalipira aliyense: wa ku ofesi ya maulendo, foromani, Bwalya, ngakhale wailesi ya m'galimoto. Ndinauza malume kuti ndisiya ntchito ndibwere.

"Usachite zopusa," anatero. "Ine ndinadikira zaka zinayi popanda wondiuza tsiku. Iwe uli ndi firiji. Manga mfundo."

Ndinamangadi. Ndinasolola ulusi mumpendero wa shati yanga ya kuntchito, ya lalanje ija, mfundo imodzi sabata imodzi. Bwalya ankati Mngoni wayamba ufiti.

Malire atatsegulidwa ndinali m'gulu loyamba kukwera. Bwalya anandiperekeza kubwalo la ndege n'kundipatsa tayi yofiira. "Upase ba malume. Chikamwa sakamba popanda tayi."

Ku Lilongwe ndinapeza mwana wanga wamkulu akundiposa msinkhu, wamng'ono akundipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi. Ndinagona masiku awiri, lachitatu ndinakwera minibasi ya ku Mchinji. Esinati anali ndi imvi zomwe sanandiuze pafoni. Malume ndinawapeza pampando, atachepa ngati mwana wasukulu, mapazi ali m'beseni. Ndinagwada. Anandigwira mutu, n'kugwira kolala ya shati yanga, kuitembenuza.

"Anasoka ndani iyi? Wakuba."

Sindinafunse za nthabwala. Tsiku loyamba ayi, lachiwiri ayi. Lachitatu linali la msika. M'mawa anati, "Esinati, jekete yanga. Iwe, tayi ya Mbemba ija." Tinawakweza pa kabaza, ine ndikuyenda pambali nditawagwira msana, mpaka pakhonde la sitolo lija. Sitoloyo tsopano amagulitsamo mafoni, ndipo pamalo pa makina awo pali telala wina, mayi wa makina amagetsi. Anawapatsa mpando. Anthu anayamba kuima, poti nkhalamba ya tayi yofiira pamsika si ya tsiku lililonse. Achikulire ena anawazindikira. "A Lazaro! Mwatuluka?"

Anakonza kukhosi. Mawu anatuluka aakulu kuposa thupi lawo.

"Panali pano. Kunkabwera msonkhano waukulu, ndiye amayi onse ankasoketsa nsalu ya chipani, ija ya nkhope ya mtsogoleri. Kunabwera mayi wina wonenepa bwino, mkazi wa tcheyamani. Ndayeza, ndayeza, nsalu yosakwana. Nkhope imodzi ikugwera kumbuyo ndithu, pokhalira penipeni. Mayi aja akuti, 'A telala, nanga bwana akhala kumbuyo?' Ine ndinati..."

Anaima. Anakweza manja ngati agwira tepi, n'kuyeza m'malere chiuno chachikulu.

"Ndinati, 'Asiyeni, mayi. Zaka zonsezi atikhalira ife. Lero alaweko.'"

Ndinaona ndi maso anga achikulire atatu akutembenuka kuyang'ana kumsewu, mitu yawo yokha, asanaganize n'komwe. Kenako Esinati, Esinati wamantha uja, anatulutsa kaphokoso ngati mbuzi yotsamwa, n'kukhala pansi padothi. Telala wamkazi uja anagwetsa sizasi. Khonde lonse linaphulika, mpaka ogulitsa tomato anasiya malonda kubwera kudzafunsa kuti kwachitika chiyani, ndipo amene anamva ankawafotokozera, iwonso n'kuphulika. Ine ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafunenso kusiya. Zaka zinayi. Mano awiri. Mzere umodzi.

Malume okha sanaseke. Anakhala tsonga, tayi ili pachifuwa, maso ali kumsewu wochokera kuboma.

Ndinati, "Malume, tizipita, dzuwa lakula."

"Dikira."

Tinadikira. Kunadutsa njinga yonyamula makala. Kunadutsa ngolo ya ng'ombe. Patapita nthawi kunatulukira galimoto yoyera, ikubwera pang'onopang'ono chifukwa cha anthu a pamsika. Ndinamva dzanja lawo likufinya langa. Galimotoyo inafika pakhonde, dalaivala anaimba huta kuti mbuzi ichoke, n'kupitirira. Kumbuyo inanyamula matumba a feteleza.

Malume anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota. Kenako anatsegula pakamwa, mpata wa mano uja uli poyera, n'kuseka. Kuseka kwake ndinali nditakuiwala, kokokera m'kati ngati pampu ya njinga.

Atapuma anandikoka mkono. "Foni yako ija ili ndi chaji?"

"Ili nayo."

"Yatsa. Aja a tomato anafika mochedwa, ndibwereza. Ujambule bwino, umutumizire mnyamata wa ku America uja, aone kutalika kwa nthabwala yeniyeni."